Mmene Msuweni Wanga Anasandukira Wotchinga Kumbuyo

Msuweni wanga anafika kwathu ku Ilford, tauni ya kudziko la azungu kumene makolo anga Achimalawi anakhazikika, sukulu zitangotsegulira. Ananyamula chikwama chachikulu cha zovala ndi kena kakang'ono kamene sankalola munthu kukagwira. M'kachikwamako munali nsapato zake za mpira. Ndi mwana wa azakhali, mlongo wa bambo anga, amene anapita ku Amereka ine ndisanabadwe, ndipo msuweniyo anabadwira komweko. Chaka chimenecho banja la azakhali linagwedezeka. Akuluakulu anakambirana pa telefoni n'kugwirizana kuti mwanayo akhale kaye kwa amalume ake mpaka zinthu zitakhazikika.

Tinkagona chipinda chimodzi. Iye anali wamkulu kwa ine, wamtali, woseka mokweza. Ine ndine munthu wamanyazi, ndipo zimene ndimalephera kunena masana ndimazilemba madzulo m'buku langa. Atandiona ndikulemba anandipatsa dzina loti mlembi, ine n'kumubwezera loti Mmereka. Chichewa ankamva chonse koma ankayankha m'Chingerezi chake cholankhulira m'mphuno. Mawu ake ndawalemba muno m'Chichewa monga ndinkawamvera mumtima.

"Mlembi, atsikana amasewerera kuti mpira kuno?" Limeneli linali funso lake loyamba, asanafunse ngakhale za basi yopita kusukulu.

Ine sindinkadziwa. Kusukulu kwathu atsikana tinkasewera netiboli, mpira wamiyendo unali wa anyamata. Iye anadabwa ngati ndamuuza kuti atsikana sadya. Anandifotokozera kuti kwawo iye ndi wosewera kutsogolo, womwetsa zigoli, ndipo wakhala choncho kuyambira ali kamwana. Anati makoleji a ku Amereka amapereka malo kwa atsikana odziwa mpira, koma makochi ake amafuna kuona kaye tepi ya vidiyo, munthu akusewera masewera enieni. Chaka chojambula tepiyo chinali chomwechi, chimene anamutumiza kuno. Ngati sajambulidwa akumwetsa zigoli, anzake ku Amereka adzatenga malowo iye ali ku Ilford.

Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anatiuza za timu ya atsikana imene inkasewera Loweruka m'mawa ku paki ina, ulendo wa basi imodzi. Msuweni anafuna kupita yekha. Bambo anakana.

"Mwana sapita yekha kwa mphunzitsi watsopano," anatero. "Amaperekedwa. Ndipo wopereka mwana wa mlongo wanga ndi ine."

Loweruka limenelo bambo anavala suti ndi tayi ngati akupita ku ofesi. Amayi, asananyamuke kupita kuntchito kwawo kuchipatala cha ku Edmonton, anakulunga paketi ya tiyi wa ku Thyolo kuti tikapatse kochi. Kenako anamukhazika msuweni pansi n'kumulangiza. Anati wamkulu sayang'anidwa m'maso. Anati amalume akamalankhula, mwana sadula mawu. Msuweni anamvetsera bwinobwino. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti iye ankafunitsitsa kukhala mwana wa Chimalawi. Ankayeserera kulandira zinthu ndi manja awiri, ankati "zikomo" ngakhale pamene sipafunika. Akanakhala wamwano, zonsezi sizikanachitika.

Kochi anali mzungu wamfupi, wofiira nkhope chifukwa cha mphepo, wezulo ili m'khosi, chingamu chili m'kamwa. Analandira tiyi uja n'kumutembenuza uku ndi uku ngati sakudziwa kuti ndi wa chiyani. Anayang'ana msuweni kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wamtalitu iwe. Umasewera pati?"

Msuweni anatsegula pakamwa, kenako anakumbukira malangizo a amayi, n'kuyang'ana pansi. Bambo anavula chipewa. Analankhula m'Chingerezi chawo chosalala cha ku yunivesite, koma mawuwo anali a Chimalawi.

"Bwana, mwanayu sadziwa kanthu. Amangothamangathamanga ndi anzake basi. Tamubweretsa kuti inu mumuphunzitse. Kuyambira lero ndi mwana wanu. Pamene mungamuike ndi pomwepo, ife sitidzadandaula. Akakuvutani, mundiuze."

Atatero anaima chete, chipewa chili pachifuwa, akudikira. Ine ndinkawadziwa madikiridwe amenewo. Kochi anangogwedeza mutu, n'kuti, "Chabwino. Aliyense amayambira penapake. Akhale kaye pa benchi azionera." Anaika tiyi pa udzu pafupi ndi mipira, n'kuimba wezulo.

Benchi yake silinali benchi n'komwe. Linali thabwa lonyowa loikidwa pa makreti awiri. Msuweni anakhala pamenepo Loweruka loyamba, lachiwiri, ndi ena otsatira, masamba a mitengo akufiira, akuyoyoka, mpaka mitengo inatsala mbee. Ine ndinkamuperekeza mlungu uliwonse n'kukhala naye pa thabwapo. Tinkafunda jekete limodzi m'miyendo. Kutsogolo kunkasewera atsikana awiri abwinobwino, koma mmodzi ankatseka maso akamamenya mpira ndi mutu, ndipo winayo ankaima kudikira kuti mpira umupeze. Msuweni ankawaonera, mwendo wake ukugwedezeka wokha. Nthawi zina ankanong'ona kuti, "Tsopano, thamanga tsopano," ndipo mtsikana uja sankathamanga.

Pa masewera oyeserera a m'kati mwa mlungu kochi ankamuika m'gulu la oyamba kumene, kumbali kwa bwalo, kumene ankaphunzira kuimitsa mpira. Anaona kuti akuuimitsa bwino, n'kumuyamikira kuti akuphunzira msanga. Akuphunzira msanga! Madzulo ake ndinalemba mawu amenewa m'buku langa mokanikiza mpaka bolopeni inaboola pepala.

"Bwanji osangomuuza?" ndinamufunsa tili m'basi.

"Ndinamuuza. Ndinati kwathu ndimasewera kutsogolo. Anaseka, akuti aliyense amafuna kutsogolo, akuti ankolo ako anandiuza kale zoona zake." Anayang'ana pawindo. "Ndinene kuti ankolo ananama? Ndikudya kwawo, ndikugona kwawo. Iwe mlembi, ungatero?"

Basi inaima pa siteji yathu, n'kutsika.

Kuseri kwa mafulati athu kunali khoma la magalaja. Tikaweruka kusukulu ankanditengera kumeneko, n'kujambula golo pakhomapo ndi choko, n'kundiimika pakati. Ine ndinkaopa mpira. Ndinkangophimba kumaso.

"Goloboyi wanji wotseka maso? Tsegula, ndikulonjeza sindikumenya. Sankha kona."

Ndinkaloza kona ya kumanzere, m'mwamba. Mpira unkapita pomwepo, phaa, choko n'kufuka. Ndinkaloza pansi kumanja, unkapitanso pomwepo. Mwendo wamanja kapena wamanzere, kwa iye zinali chimodzimodzi. Mayi wina wachikulire wa pafulati ya m'mwamba anatsegula windo tsiku lina kuti atikalipire za phokoso, koma anangokhala pomwepo n'kumaonera mpaka kunayamba mdima. Mayi ameneyo ankadziwa chimene kochi sankadziwa, ndipo zimenezi zinkandiwawa kwambiri.

Khirisimasi itayandikira, mtsikana wina wotchinga kumbuyo anabinya bondo masewera ali m'kati. Kochi anayang'ana pa thabwa paja.

"Mmereka, dzuka. Ndiwe wamtali, kaime kumbuyo. Mpira ukabwera, ungoumenyera kutali. Usawoloke mzere wapakati, wamva?"

Anadzuka, anavula jekete, analowa. Apa ndi pamene zinthu zinaipira, chifukwa anasewera bwino kwambiri. Munthu amene wakhala akumwetsa zigoli moyo wake wonse amadziwa kumene womwetsa zigoli akufuna kupita, ndiye iye ankafika kumeneko mwiniwakeyo asanafike. Tsiku limenelo timu inayo sinagoletse. Loweruka lotsatira chimodzimodzi. Timu imene inkangogonja inayamba kupambana, ndipo makolo a atsikana ena anayamba kumuombera m'manja. Ndinamva ndi makutu anga kochi akuuza bambo wina kuti, "Mtsikana uyu anabwera osadziwa chilichonse, amalume ake anachita kunena okha. Taonani difenda amene ndamupanga."

Kunyumba bambo anasangalala. Pa chakudya chamadzulo anati, "Mwaona? Kudzichepetsa kumapindula. Mwana uja akusewera tsopano." Msuweni anati, "Inde, ankolo," n'kupitiriza kudya. Usiku sankalankhulanso za tepi. Nsapato zija, zimene poyamba ankazipukuta ndi kansalu akangofika, anayamba kuzisiya pakhomo ndi matope ake.

Ine ndinali ndisanawatsutsepo bambo anga chibadwire, koma tsopano ndinaganiza zowalankhula. Ndinakonzekera kwa masiku angapo, ndikubwereza mawu mumtima popita kusukulu. Ndinawapeza Lamlungu lina masana titabwera kuchokera kutchalitchi, atakhala pa sofa akumasula zingwe za nsapato. Amayi ndi msuweni anali kukhitchini. Mawu onse amene ndinakonza anandithawa, ndipo anatuluka ena.

"Adadi, munamunamizira."

Anadzutsa mutu. "Ukuti chiyani?"

"Munauza kochi kuti sadziwa kanthu. Amadziwa. Amaposa onse aja. Inu simunamuonepo n'komwe akumenya mpira, koma munanena kuti amangothamangathamanga." Ndinasendera pafupi nawo. "Tsopano amuika kumbuyo. Tepi yake idzaonetsa chiyani? Akumenyera mpira kutali?"

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Sanakalipe. Anaika pansi nsapato imene inali m'manja mwawo.

"Mama," anatero, chifukwa amanditchula choncho akafuna kundifatsitsa, "munthu sayamikira mwana wa m'nyumba mwake pamaso pa mlendo. N'kudzitama kumeneko, ndipo kumamuitanira mwana nsanje. Agogo ako atandipereka ku sekondale anauza ahedi kuti ndine mbuli, pamene ndinali nambala wani m'boma lonse. Ahedi anayankha kuti, ayi bambo, mwanayu maso ake akuoneka ochangamuka, timuona. Ndiye mwambo wake umenewo. Iwe umatsitsa, mphunzitsi amakweza. Wanzeru aliyense amadziwa kuti mwana amene wabwera ndi malume wake atavala suti si mwana wamba."

"Koma kochi uja sanakweze."

"Sanakweze," anavomera. "Ndinadikira."

"Ndiye bwanji simunanene pomwepo? Munaona kuti sanamve. Munangovala chipewa n'kubwerera ku basi."

Bambo anawerama n'kuyamba kumasula nsapato inayo. Amayi anali ataima pakhomo la khitchini, chikombe chili m'manja, ndipo anandiyang'ana ndi diso loti ndafika pokwanira. Ndinalowa kuchipinda. Sindinalembe chilichonse tsiku limenelo.

Bambo anatenga milungu kuti achitepo kanthu, ndipo mlungu uliwonse umene unkadutsa ndinkawakwiyira mwatsopano. Tsiku lina madzulo ndinawaona pawindo ataima pakona ya magalaja, chikwama cha kuntchito chili m'manja, akuonera msuweni akumenya mpira pakhoma paja. Sanamuyandikire. Loweruka lotsatira anavalanso suti.

Ndinaima pafupi pamene ankalankhula ndi kochi. Zinawavuta ngati akumeza mankhwala owawa. Anayamba ndi kuthokoza, anathokozanso, kenako anati, "Bwana, zimene ndinanena tsiku lija ndi mmene timalankhulira kwathu. Zoona zake n'zakuti mwanayu ndi katswiri womwetsa zigoli. Kwawo amamudziwa. Tikupempha kuti mumuike kutsogolo, chifukwa akufunika kujambulidwa." Thukuta linali pamphumi pawo, kunja kukuzizira choncho.

Kochi analeka kutafuna chingamu. "Nanga bwanji simunanene poyamba? Ine ndinangomva zimene munandiuza." Anakanda m'mutu. "Pepani, koma nthawi yatha. Ligi ikupita kumapeto ndipo tili pafupi ndi pamwamba koyamba chiyambire timuyi. Ndikamuchotsa kumbuyo, kumbuyoko kugwa. Ndiye difenda wanga wabwino kuposa onse. Ndipo kunena zoona, bambo, ndi pamene akuyenera. Inu munati pamene ndingamuike ndi pomwepo."

Anawabwezera mawu awo omwe, osati mwachipongwe, koma ngati munthu wokumbutsa mnzake za pangano. Ndinkafuna kumulanda wezulo ija n'kuiponya m'matope. Ndinakwiyira kochi chifukwa cha ulesi wake, kuti miyezi yonseyo sanamuikepo mtsikanayo kutsogolo kwa golo ngakhale kamodzi kuti adzionere yekha. Ndinakwiyira bambo chifukwa anagwedeza mutu n'kunena kuti "zikomo".

Masewera omaliza anachitika mitengo itayamba kuphuka. Kamera ya vidiyo tinabwereka kwa ankolo ena a kutchalitchi kwathu, ochokera ku Chipata, amene amajambula maukwati ndi maubatizo. Anabwera okha kudzajambula, chifukwa kamera yawo sakhulupirira nayo munthu. Anaisenza paphewa n'kumatsatira msuweni kulikonse. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Msuweni analanda mipira, anamenya ndi mutu, anamenyera kutali monga anauzidwa.

"Manje a mudala," ankolo a ku Chipata anauza bambo m'kalankhulidwe ka kwawo, diso lili pa kamera, "munaniuza ati nizajambula vigoli. Apa nijambula chabe mwana alonda nyumba monga mlonda wa pa geti. Vigoli vili kuti?"

Bambo sanaseke. Anali ataima pamzere weniweni, nsapato zawo za ku ofesi zitamira m'matope.

Chigawo chachiwiri chili pakati, msuweni analanda mpira pafupi ndi golo lathu. Patsogolo pake panali potseguka. Anathamanga nawo pang'ono, anafika pa mzere wapakati, n'kuchepetsa liwiro monga ankachitira nthawi zonse, akufunafuna womupatsira. Kochi anakuwa kuti, "Patsira, bwerera!"

Pamenepo ndinamva mawu amene sindinawamvepo chibadwire. Bambo anga, amene ngakhale m'basi amalankhula monong'ona, anakuwa m'Chichewa paki yonse kumva.

"Pita! Usapatsire munthu! Pita, mwana wa mlongo wanga, kamwetse!"

Msuweni anacheuka kamodzi kokha, n'kuwoloka mzere. Mtsikana woyamba anamudutsa ngati waima. Wachiwiri anamunamiza ndi phewa, mtsikanayo n'kukhala pansi m'matope. Goloboyi anatuluka kudzamutsekera, iye anaukankha ndi mwendo wamanzere, pansi, pakona, ndendende ngati pakhoma la magalaja. Ukonde unagwedezeka. Ankolo a ku Chipata analumpha ndi kamera yomwe, moti pa tepipo pamaoneka mitambo ndi nthambi za mitengo, kenako chipewa cha bambo chikugubuduka pa udzu.

Kochi anaomba m'manja pang'ono. Kenako anamukodola n'kumulozera kumbuyo. Anabwerera, ndipo anatchinga mpaka wezulo yomaliza. Timu inapambana ndi chigoli chimenecho.

Sukulu zitatsekera, azakhali anaitanitsa mwana wawo. Anapita ndi tepi ija m'kachikwama ka nsapato, ife n'kutsala ndi kope lake. Chipinda chinakula mwadzidzidzi. Ndinkadzuka n'kuyang'ana bedi lopanda munthu.

Telefoni inabwera patapita miyezi. Azakhali ankalulutira moti tinkawamva tonse pabalaza. Koleji ina inaonera tepiyo ndipo inamupatsa malo. Amayi anagwada pomwepo kuthokoza Mulungu. Bambo anakhala pansi n'kuvula magalasi. Kenako anandipatsa telefoni kuti ndilankhule ndi msuweni.

"Mlembi," anatero, "ulembe m'buku lako kuti ndapita ku koleji."

"Ndilemba. Ukasewera kutsogolo?"

 Mu telefonimo munkamveka kaphokoso ngati ka mvula.

"Makochi a ku kolejiko akuti sanaonepo difenda wowerenga masewera choncho. Akuti difenda amene amathanso kukwera n'kugoletsa ndi wosowa. Omwetsa zigoli ali nawo kale ambiri, matepi awo ndi odzaza zigoli. Yanga ili ndi chimodzi." Anaseka, koma sikunali kuseka kwake kuja. "Ndine difenda tsopano, mlembi. Usawauze ankolo kuti ndadandaula. Uwauze kuti zikomo."

Ndinawauza kuti zikomo. Kutchalitchi Lamlungu lotsatira anthu anawagwira bambo chanza, akuti mwalera bwino, akuti zonse zatha bwino. Ine ndinaima kumbuyo kwa amayi. Aliyense akuona kuti mtsikanayo anapeza malo, ndipo n'zoona, ndikuthokoza. Koma anafika pakhomo pathu ali womwetsa zigoli, ananyamula nsapato zake m'manja kuwoloka nyanja, ndipo anachoka ali chinthu china chimene sanasankhe. Palibe amene anamuchitira nkhanza. Wina analankhula mwaulemu, wina anamva monga anamvera, iye anayang'ana pansi monga anamulangizira. N'chifukwa chake mkwiyo wanga ukusowa pofikira, ndipo sukutha.

Bambo amaionera tepi ija nthawi zina Lamlungu masana. Chigawo choyamba amachithamangitsa. Akafika pamene msuweni akuyandikira mzere wapakati amasiya, n'kutsamira kutsogolo. Mawu awo amamveka m'chipinda monse, pita, pita, kamwetse. Mpira ukalowa amabweza tepi n'kuyambiranso pomwepo. Tsiku lina anandiona nditaima pakhomo, n'kusendera kuti ndikhale nawo pa sofa.

"Anali katswiri, eti mama?" anatero.

"Anali," ndinayankha. Sindinakhale pansi.